Penti Yosachoka

"Sikipa iyi sinifuna kuionanso mu nyumba yanga! Wamvera, Amake Chipo?"

Benard Mwaba anaponya pansi sikipa ya mtundu wa lalanje ija n'kuiponda ndi nsapato yake ya ku tchalitchi. Jekete anali asanavule n'komwe. Mkazi wake, Tionge, anawerama kuti aitole, koma phazi silinasunthe.

"Atate Chipo, chotsankoni mwendo. Ni ya gulu, si yanga."

"Gulu la chani? La ba jenda? Uziba vamene banichita pa siteshoni? Nikangoimika basi, bakondakitala bonse bayamba kukuwa: 'Ba Nkhonya bafika! Bisani bakazi banu!' Ine, munthu oimba besi mu kwaya, lelo nakhala Ba Nkhonya chifukwa cha iwe."

"Ba Nkhonya ni ba Fred, ba mu sewero. Komboni yonse ya Kanyama iziba."

"Manje mkazi wa Ba Nkhonya mu sewero ni ndani? Si iwe? Uima pakati pa msika na penti ku maso, ulila monga bakupaya. Bantu baganiza chani pa ine?"

Tionge anali atalowa gulu la anthu odzipereka a m'komboni, osalandira malipiro, amene Loweruka lililonse ankapita m'misika ndi ng'oma kukachita sewero. Seweroli linkaphunzitsa kuti mkazi ndi munthu chimodzimodzi mwamuna, ndiponso kuti womenyedwa ali nako kothawira. Iye ndiye ankakhala mkazi womenyedwayo. Asanayambe ankamupaka pansi pa diso makala osinja osakaniza ndi mafuta odzola, n'kudonthezapo kalipisitiki, ndipo pankaoneka ngati bala lenileni. Akamaliza ankapukuta ndi kansalu konyowa, nkhope n'kubwerera mwakale.

Katani ya kuchipinda inatseguka. Anatuluka Mayi Maud, amayi ake a Benard, akadali ndi bulauzi yoyera ya amayi a mpingo. Nyumba ya ku Kanyamayo anamanga iwo ndi malemu amuna awo, koma mwana wawo akamati "nyumba yanga" sankamutsutsa. Anali mwana wawo mmodzi yekhayo, ndipo minibasi imene ankayendetsa ndiyo inkadyetsa pakhomopo.

"Ana inu, pa Sabata? Mwangochoka kumene pa gome la Ambuye, mkate usanatsike n'komwe pakhosi!"

"Amayi, muuzeni mpongozi wanu. Anichititsa nsoni."

"Amake Chipo," anatero Mayi Maud mofatsa, "mwamuna akakana chinthu, mkazi wanzeru amaleka. Inenso penti imeneyo sindiikonda. Munthu wabwinobwino kudzipaka mabala, ngati ukudziitanira tsoka."

"Amayi, sitichita vosekesa. Tiphunzitsa."

"Uphunzitsa!" Benard anaseka mopanda chimwemwe. Analowa kuchipinda n'kukoka pansi pa bedi chikwama chachikulu cha mizeremizere, chija amati ukwa, chimene Tionge anabwera nacho kuchokera kwawo ku Katete. Anachikutumula fumbi pakati pa nyumba. "Waiona ukwa yako? Ukapitanso ku sewero, uzaipeza panja, yozula na vovala vako. Ukaphunzitse ng'ombe ku Katete."

Chipo, kamtsikana kawo ka sukulu, kanasuzumira pakhomo n'kubwereranso panja. Tionge anatola sikipa ija. Pachifuwa pake panali chidindo cha nsapato.

Loweruka lotsatira Tionge sanapite. Anauza ba Karen, mtsogoleri wa gululo, kuti mutu ukumupweteka.

Mvula yoyamba inagwa mkati mwa sabata, ndipo monga mwa chaka ndi chaka madzi anadzaza pabwalo mpaka pa sitepe. M'mawa mwake awiriwo, Tionge ndi apongozi ake, anali kukapa madziwo ndi mabeseni.

"Mwachita bwino kumvera," anatero Mayi Maud. "Mwaona mtendere umene uli m'nyumba sabata ino? Ukwati ndi kupirira, Amake Chipo. Ine atsikana amene ndawalangiza m'komboni muno ndi ambiri, ndipo mawu anga ndi awiri okha. Pirira. Za m'nyumba zisatuluke panja. Onse amene anandimvera ali pa maukwati awo mpaka lero."

"Nanga ngati munthu bamumenya, Amayi?"

"Amapemphera. Mulungu amasintha mitima."

"Asintha, nikhulupirira. Koma pamene akuyembekezera, azigona kuti? Amayi, tikasiliza sewero bazimayi samayenda bonse. Benangu batsala kumbuyo, monga bafuna kugula tomato. Bantu bakachepa, babwera pafupi, bafunsa mwakachetechete kuti kodi ni zoona ku polisi kuli ofesi ya vamene ivi. Ba Karen babaperekeza ku kiliniki, na ku polisi komweko. Ndiye nchito yathu. Ng'oma ni yoitanila chabe."

"Ndiye kupasula mabanja kumeneko."

"Buku Lopatulika likamba kuti mwamuna na mkazi bonse banalengedwa mu chifanizo cha Mulungu. Manje munthu akamenya chifanizo cha Mulungu, amene apasula ni ndani?"

Mayi Maud anaimirira, dzanja lili m'chiuno. "Musandiphunzitse Mawu, ndinayamba kuwawerenga inu musanabadwe. Ndiponso inu mukudandaula chiyani? Benard wanga pakamwa ndiye pakulu, ngati bambo ake. Koma dzanja ayi. Kodi anakukhudzanipo?"

Tionge anakhuthula beseni mu ngalande. Anakokera pansi mkono wa juzi yake, ngakhale kunali kotentha.

"Chiku anabwera ku sewero tsiku lina," anatero m'malo moyankha. "Mkazi wa ba Silas, wa kuseli kwa chigayo. Anaima kumbuyo, duku kufika pa maso. Titasiliza anabwera, anagwira pa tsaya langa, ati, 'Penti iyi mupanga na chani? Ilinganako.' Nikalibe kumuyankha, anayenda."

"Chiku ndinamulangiza ndine. Mtsikana womvera ngati ameneyo kulibe. Chikwatiwire sanabwerepo kwa ine kudzadandaula, ngakhale kamodzi."

"Ni vamene viniyofya, Amayi."

Mayi Maud anaweramanso kukapa madzi. Anayamba kung'ung'udza nyimbo ya m'buku, ija ankaikonda pa nthawi ya mavuto, ndipo beseni lawo linkagunda pansi motsatira nyimboyo.

Sipanapite masiku ambiri. Kulira kunamveka kuchokera kuseri kwa chigayo dzuwa lili pamutu, ndipo mawu anayenda khomo ndi khomo: Chiku wamwalira. Akuti anagwa pa bafa, anamenyetsa mutu, ndipo pofika naye kuchipatala n'kuti atatsirizika.

Mayi Maud anamanga chitenje, anatenga buku la nyimbo ndi bulangete, n'kupita kukagona pa maliro pamodzi ndi amayi anzawo, monga mwa mwambo. Anati adzabwerera akaika.

Kuika kunagwera Loweruka. M'mawa wa tsikulo, Benard atatuluka kupita ku basi, Tionge anatenga sikipa ija pamene anaibisa. Chidindo cha nsapato chinali chitachoka ndi sopo. Anatuma Chipo kwa anansi, anaika makala m'simbi n'kuyamba kusita. Chimvereni za Chiku, funso lija la penti silinamuchoke m'makutu. Anali atalumbira mumtima kuti tsiku loika mnzakeyo sadzakhala chete m'nyumba.

Chitseko chinatseguka. Benard anali ataiwala laisensi m'thumba la jekete.

Anayang'ana sikipa, anayang'ana mkazi wake.

"Nenze nakamba chani?"

"Atate Chipo, Chiku bamuika lelo. Lekani niyende, lelo chabe. Pali benangu monga eve bamene..."

Sanamalize, mbama inali itamugwera kale kumaso. Sikanali koyamba, koma kale lonse Benard ankasankha malo obisika ndi zovala. Tsiku limenelo, poti amayi ake kunalibe ndipo mkwiyo unamuposa, sanasankhe. Tionge anagwera pa mpando, simbi inagubuduka, makala anamwazika pa simenti.

"Ufuna penti? Iyo penti. Manje yenda ukabaonetse," anatero Benard, akupuma mwamphamvu. Anatenga laisensi yake n'kutuluka.

Tionge anakhala pansi kanthawi. Kenaka anatola makala aja limodzilimodzi kuti asatenthe mphasa. Anadziyang'ana pa kagalasi ka pakhoma. Pansi pa diso lamanzere, pomwe ankapaka nthawi zonse, panali patatupa, pakuda mofiirira. Anavala sikipa, anafunda chitenje kumutu, n'kuyamba kudumpha pa miyala ya m'madzi kulowera ku msika.

Anzake anawapeza kuseri kwa mashopu akuwamba ng'oma pa moto wa makatoni. Ba Karen, mayi wamtali wa mawu aakulu, anali ndi kabotolo ka penti m'manja. Tionge atachotsa chitenje kumutu, iwo anawomba m'manja.

"Iyee, Tionge! Wabwera wozipenta kudala? Koma lelo wachita bwino! Ba Fred, bwerani muone. Na kutupa kwaoneka! Waikamo chani, thonje?"

Ba Fred, wometa tsitsi wofatsa amene ankakhala Ba Nkhonya, anapukusa mutu mogoma. "Mulamu, apa bantu bazaniponya miyala lelo."

Tionge anatsegula pakamwa. Mawu aja ankauza amayi ena sabata ndi sabata, akuti usachite manyazi, nena, anali pomwepo pa lilime. Koma ng'oma inali itayamba kale kulira, ndipo onse ankamuyang'ana mokondwa.

"Naphunzila chabe," anatero.

M'mawa womwewo Mayi Maud anali ku mochale. Iwo ndi amayi ena achikulire ndiwo anasankhidwa kusambitsa mtembo ndi kuuveka. Ntchitoyi anali ataigwira kambirimbiri, ndipo ankaigwira mwaulemu, akuimba chapansipansi, pokumbukira amayi aja amene analawirira ku manda a Ambuye ndi zonunkhira. Ananyowetsa kansalu n'kuyamba kupukuta nkhope ya Chiku. Pa tsaya panali mdima. Anapukutanso, poyesa kuti ndi litsiro. Sipanachoke. Atavundukula nsalu anaona m'nthiti, m'mikono, pakhosi: mabala atsopano pamwamba pa akale, ena achikasu, ena akuda.

Nyimbo inawathera pakamwa.

Azakhali ake a Silas, amene anaima pambali, anawagwira pamkono. "Anagwa pa bafa, Amayi. Tisachulutse nkhani. Imwe ndimwe alangizi, muziba. Va mu nyumba ni va mu nyumba."

Anali mawu awo omwe. Mayi Maud anamuveka Chiku diresi loyera la manja aatali, anamupaka ufa kumaso mpaka mdima uja unabisika, ndipo anthu poona nkhope anati wagona bwino ngati mkwatibwi. Ku manda abusa analalikira za kupirira kwa oyera mtima. Silas analira mpaka amuna anzake anachita kumugwira. Mayi Maud, amene nthawi zonse ndiwo ankayambitsa nyimbo, tsiku limenelo anangoyang'ana dothi.

Pobwerera anakwera lole pamodzi ndi amayi ena. Itafika pafupi ndi msika inayenda pang'onopang'ono chifukwa cha madzi ndi khamu la anthu. Ng'oma inkamveka, ndi kuseka.

"Amake Benard," anatero Amake Kunda, mayi wa pakamwa posachedwa, "si mpongozi wanu uja? Ise tichoka ku manda, eve ali pa msika asekesa bantu na vilonda va makala. Koma bana ba masiku ano!"

Mayi Maud anasuzumira. Pakati pa bwalo la anthu anaona sikipa ya lalanje, ndi nkhope ya Tionge ili ndi mdima pa tsaya, pamalo omwe aja. Anapsa mtima. Manja awo anali akununkhabe sopo wa ku mochale, ndipo apa mwana wa m'nyumba mwawo wadzijambula bala lomwelo kuti anthu aziseka!

"Imitsani lole! Nditsika pompano."

Sewero linali pakati. Ba Nkhonya anali atabwera kunyumba akudzandira, akufunsa chifukwa chake ndiwo zilibe nyama. Anthu ankaseka kayendedwe kake. Atakweza dzanja mwachiphamaso, monga ankachitira nthawi zonse, Tionge anadzikunga n'kubisa mutu m'mikono, thupi lonse likunjenjemera.

"Koma mukazi uyu aziba kuchita!" anafuula mnyamata wina wa wilibala. "Monga ni vazoona!"

Pamenepo Mayi Maud anang'amba bwalo n'kulowa, bulauzi yoyera ili ndi dothi la ku manda. Anthu anayesa kuti ndi gawo latsopano la sewero.

"Bapongozi bafika! Manje yavuta!" Anawomba m'manja, ena akuimba mluzu.

Ba Fred anatsitsa dzanja, anayang'ana ba Karen. Ba Karen anatambasula manja kusonyeza kuti nawonso sakudziwa.

"Amake Chipo, manyazi mulibe?" anakalipa Mayi Maud. "Mnzanu tamuika lero lomwe lino. Inu mukudziwa mmene bala lenileni limaonekera? Mukusewera ndi zinthu zimene simukuzidziwa! Bwerani kuno, ndikuchotseni zonyansazi."

Analanda botolo la madzi kwa mayi wina wogulitsa, ananyowetsa nsonga ya chitenje chawo, anagwira Tionge pachibwano n'kupukuta mwamphamvu.

Tionge anakuwa. Sikunali kukuwa kwa m'sewero, koma anthu anasekabe.

Mayi Maud anayang'ana nsonga ya chitenje. Inali yonyowa, yoyera, yopanda khala ngakhale pang'ono. Anapukutanso, tsopano pang'onopang'ono. Pansi pa chala chawo khungu linali lotentha, lotupa. Anayang'ananso chitenje. Kachiwiri tsiku limodzi, dzanja lomwelo, tsaya lomwelo, mdima wosachoka. Kusiyana kwake kunali kwakuti tsaya ili linali lofunda.

"Mwana wanga," ananong'ona. Chikwatiwire Tionge, iwo anali asanamuitanepo choncho. "Ichi n'chiyani?"

Tionge anayang'ana pansi. Iye amene ankaphunzitsa ena kunena, anamva pakamwa pake pakutuluka mawu ena.

"Nagwa pa bafa, Amayi."

Lilime la Mayi Maud linapita lokha pa mpata wa dzino limene linasowa m'kamwa mwawo kuyambira ali mtsikana ku Kitwe, Benard ali kumsana. Nalonso, aliyense wofunsa ankamuuza kuti linatsala pa bafa.

"Mabafa a m'komboni muno atimaliza," anatero, misozi ikutsika.

Woimba ng'oma anali ataleka. Ba Karen anayandikira, anayang'anitsitsa, n'kugwira pakamwa. Kabotolo ka penti kanagwa m'manja mwawo, kosatsegula.

"Mayo ine! Tionge, nakuyamikila... nakuombela na m'manja! Ine wamene niphunzitsa bantu kuona!"

"Pitilizani sewero, imwe!" anafuula bambo wina kumbuyo. "Tifuna tione ngati bapongozi bazamuchaya Nkhonya!"

Mayi Maud anatembenuka. Ambiri m'khamulo ankawadziwa. Munali amayi amene iwo anawalangiza, ena ali ndi ana kumsana, ena maduku atatsitsa mpaka m'maso. Anakweza nsonga ya chitenje ija kuti onse aione.

"Sewero latha," anatero. Sanakuwe, koma mawu anafika mpaka ku mashopu. "Iyi si penti. Onani nsalu, ilibe makala. Wachita izi ndi mwana wanga Benard, amene ndinabala ine, woimba m'kwaya. Ndipo Chiku amene taika lero ndamusambitsa ndi manja awa. Sanagwe pa bafa. Ana anga, inu nonse amene ndinakuuzani kuti za m'nyumba zisatuluke panja, lero ndazitulutsa ndine. Amene ali ndi bafa lotere kwawo, asadikire kuti ndidzamusambitse."

Panalibe woseka. Mnyamata wa wilibala uja anavula kapusi. Kumbuyo, mayi wina anayamba kulira mosadziletsa, ndipo mnzake anamukumbatira.

Mayi Maud anavula duku lawo loyera n'kumufunditsa Tionge. "Amayi inu a gulu, mumati mumaperekeza anthu. Tiperekezeni."

Ku kiliniki anamuona diso, anati silinawonongeke mkati. Nesi atamuuza kuti akweze sikipa, Mayi Maud anaona m'nthiti zimene juzi inkabisa, ndipo anatuluka panja kukatsamira khoma. Ku ofesi ya apolisi yothandiza ozunzidwa Tionge analankhula yekha, poyamba movutika, kenaka momveka. Atatha, Mayi Maud anapempha kuti nawonso anene zimene anaona ku mochale.

Benard anafika dzuwa likulowa, akudumpha pa miyala kuti asadetse nsapato. Nkhani ya ku msika inali itamupeza kale pa siteshoni, koma mosokonezeka: ena ankati amayi ake anakalanda mpongozi wawo pakati pa sewero n'kumukalipira pamaso pa anthu. Ataona ukwa ija ili pa sitepe, yodzaza mpaka zipi kukanika kutseka, anamwetulira. Mayi Maud anali atakhala pa mpando pakhomo penipeni.

"Mwachita bwino, Amayi. Nenze namuuza. Ayende mailo na basi ya m'mawa. Chipo asale."

"Tsegula," anatero Mayi Maud.

"Nitsegule chani? Ni vovala vake."

"Tsegula, Benard."

Anakoka zipi. Pamwamba panali Buku Lopatulika lake. Pansi pake jekete, malaya a kwaya, nsapato za ku tchalitchi zija, mabuluku opindidwa bwino monga amayi ake ankamupindira ali mwana.

"Ivi ni vanga."

"Ndi zako."

"Amayi, mwasokonezeka? Munichotsa mu nyumba yanga chifukwa cha mukazi?"

"Nyumba ino njerwa zake ndinaumba ine, iwe ukusewera m'matope. Ndinkakulekerera uziti yako chifukwa ndinkayesa kuti ukuisunga. Wochoka m'nyumba ndi amene waiipitsa. Mwana wa eni ake walakwa chiyani kuti anyamule chikwama?"

"Ananiyamba eka! Nenze namukaniza, imwe munamvera. Mbama imozi chabe..."

"Ndaona nthiti zake."

Benard anacheuka. Anayang'ana uku ndi uku. Anansi anali ataima m'makomo mwawo, osabisala n'komwe.

"Nine mwana wanu," anatero, mawu atatsika. "Mwana wanu umozi. Muzadya chani nikayenda? Bantu bazakamba chani, kuti alangizi bapasula ukwati wa mwana wao?"

"Adzanena. Ndipo chakudya, Iye amene amadyetsa mbalame sanatiiwalepo. Ndiwe mwana wanga, Benard, ndipo mtima wanga ukung'ambika pamene ndakhala pano. Koma m'mawa uno ndaveka mwana wa munthu diresi la manja aatali kuti ndibise zimene mwamuna wake anachita. Ndamupaka ufa kumaso. Sindidzapakanso wina ufa, ndipo sindidzayembekeza kuti apolisi adzakutenge utapha. Nkhope imene wamenya ija ndi chifanizo cha Mulungu amene umamuimbira besi."

"Manje niyende kuti?"

"Kwa amalume ako ku Matero. Ndawaimbira foni, akukudikira. Apolisi akukufuna mawa. Ndidzabwera kudzakutenga, tidzapita limodzi, ndidzakhala pambali pako. Tikachoka kumeneko, kwa abusa ndi akulu a mpingo. Sindinakutaye. Mwana wolowerera uja amene anasakaza chuma kudziko lakutali, bambo ake anamulandira, inde. Koma anayamba wakhala pansi n'kuzindikira chimene anachita. Khomo ili lidzatseguka ukadzazindikira, ndipo wonena kuti litseguke adzakhala Tionge, osati ine."

Benard anatseka zipi. Kenaka anasenza ukwa ija paphewa. Inali yolemera, ndipo pa mwala wachiwiri anaterereka, phazi n'kulowa m'madzi. Sanacheuke. Mayi Maud anamuyang'ana mpaka anakhota pa chigayo, milomo yawo ikuyenda m'pemphero.

Atalowa m'nyumba anapeza Tionge atakhala pa mphasa, Chipo atatsamira pa miyendo yake. Kamtsikanako kankayang'ana tsaya la amayi ake.

"Ambuya, penti ya amami siichoka?"

"Idzachoka, mdzukulu wanga. Koma iyi imachoka pang'onopang'ono."

"Amayi," anatero Tionge, "nikhululukileni. Nabweretsa nsoni pa nyumba yanu."

"Chete, mwana wanga. Manyazi si ako."

Anateleka madzi pa mbaula mpaka anafunda, anawathira m'beseni, anatenga kansalu koyera m'sutikesi mwawo. Anagwada pamaso pa mpongozi wawo, chinthu chimene Kanyama yonse inali isanaonepo mlangizi akuchita. Anayambitsa nyimbo ija inawakanika ku manda, ndipo Tionge anailandira chapansipansi.

Anafinya kansalu, anagwira Tionge pachibwano monga anachitira ku msika. Koma tsopano sanapukute. Anathowa.